Mmene Mafilimu Onyozeka Anandibwezera Mawu

Chizindikiro choyamba chinabwera Lamlungu lina masana mu Juni, kuzizira kutangoyamba. Ndinali pabalaza kunyumba kwathu ku Chinengundu, ku Chegutu, ndikuonera filimu. Rimoti inangopulumuka m'dzanja langa lamanja n'kugwera pansi. Nditawerama kuti nditole, zala zinakana kugwira. Ndinafuna kuitana akazi anga, mai a Tariro, amene ankayanika zovala panja, koma lilime linalemera ngati la munthu woledzera. Patangopita kanthawi zonse zinabwerera mwakale. Ndinatola rimoti, ndinamaliza filimuyo, ndipo sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti ndinangotsamira mkono kwa nthawi yaitali.

Ndine Laston Phiri, mphunzitsi wa jogalafe pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Chegutu. Nthawi imeneyo n'kuti zaka zanga zikuyandikira makumi asanu ndi limodzi. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi ya golide ya mbali ya Kadoma, ndipo ine ndinabadwira konkuno. Chichewa ndinachiyamwa m'nyumba ya makolo, koma iwo atamwalira ndinasowa wolankhula naye. Kusukulu chinali Chingerezi, kunyumba Chishona. Mai a Tariro kwawo ndi ku Sanyati. Chichewa amachimva chifukwa anakhala ndi apongozi awo zaka zambiri, koma kuyankha ankayankha m'Chishona nthawi zonse. Mwana wathu Tariro, amene amagwira ntchito kubanki ina ku Kadoma, ankangodziwa moni ndi zikomo.

Ndiyenera kufotokozanso za zimbale zanga, chifukwa popanda izo nkhaniyi siimveka. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikusonkhanitsa mafilimu amene anthu ena amati ndi oipa. Khoma lonse la pabalaza linali mashelefu okhaokha. Ndili ndi akarate amene munthu amayamba watseka pakamwa mawu ake n'kumabwera pambuyo. Ndili ndi ankhondo amene msilikali amafa kumayambiriro, kenako mumamuonanso wavala yunifomu ya adani n'kufanso kachiwiri. Imene ndimaikonda kuposa onse ndi ya ng'ona yaikulu ngati basi, yopangidwa ndi labala, imene ikamayasamula chingwe chokokera chibwano chimaonekera. Ndimawakonda chifukwa sabisa kanthu. Mumaoneratu kuti anthuwa analibe ndalama, anangokhala ndi khama, ndipo anamaliza ntchito yawo mpaka kulemba maina kumapeto. Tariro akabwera ankatenga chimbale chimodzi, n'kufufuza dzina lake pafoni, n'kundionetsa kuti anthu a pa intaneti anachipatsa nyenyezi imodzi yokha. Ankati si zoyenera mphunzitsi wolemekezeka. Ine ndinkangomuuza kuti nyenyezi imodzi nayonso ndi nyenyezi.

Loweruka lotsatira ndinakwera kombi kupita ku Kadoma. Ku Waverley, dera lina la mzindawo, pafupi ndi kagolosale kena, kuli mayi amene amagulitsabe zimbale patebulo pamodzi ndi matchaja a foni. Zimene anthu azikana amandisungira ine m'katoni. Ndinafika cham'mawa, tinapatsana moni, ndipo ndinayamba kusankha. Ndikukumbukira kuti zilembo za pachikuto zinayamba kusokonekera. Kenako mwendo wamanja unangofooka ngati wachotsedwa, ndipo ndinagwa pamodzi ndi katoni yonse. Ululu sindinaumve. Ndinkaona miyendo ya anthu itandizungulira, ndinkamva zonse zimene ankanena, koma pakamwa panga pankangotuluka mkokomo. Wina anati ndaledzera, wina anati andithire madzi. Mayi wogulitsayo anakana. Anaona kuti pakamwa papotokera mbali imodzi, anatenga foni m'thumba langa n'kuimbira Tariro, ndipo anaimitsa galimoto ya munthu wodutsa. Tariro anatipeza tafika kale pachipatala.

Bipi yanga inapezeka yokwera kwambiri. Ndinali ndisanayezetsepo kwa zaka, popeza sindinkadwaladwala. Anandigoneka, ndipo m'sabata yomweyo ananditengera ku Harare kukajambula m'mutu n'kubwerera nane tsiku lomwelo. Dokotala, mayi wa mawu ochepa, anafotokozera akazi anga ndi Tariro ine ndili pomwepo. Anati ndi sitiroko, magazi oundana anatseka mtsempha wina mu ubongo, kumanzere, n'chifukwa chake mbali yamanja yafa ndipo mawu asowa. Tariro anafunsa ngati ndidzalankhulenso. Dokotalayo anati sangalonjeze, ena amachira kwambiri, ena pang'ono, ndipo miyezi yoyambirira ndi imene imasonyeza.

Moyo wa m'wodi unali wofanana tsiku ndi tsiku. M'mamawa anamwino ankayeza bipi ndi kutentha kwa thupi, kenako phala, kenako kudikira madokotala. Ankanditembenuza pafupipafupi kuti ndisachite zilonda. Poyamba ngakhale madzi ankanditsamwa, choncho ankandipatsa ndi supuni. Mai a Tariro ankagona kwa Tariro ku Waverley n'kumabwera nthawi zoonera odwala ndi beseni ndi thaulo. Munthu amene wakhala akuimirira pamaso pa ana kwa zaka makumi atatu, kumusambitsa ndi kumupukuta ngati khanda, si chinthu chapafupi. Koma chopweteka kwambiri chinali pakamwa. Mawu ndinkawadziwa, ndinkawaona ali apo, koma ndikati ndiwatenge ankathawa.

Liwu loyamba linatuluka sabata yachiwiri. Namwino wachitsikana ankakonza bedi, ndipo ine ndinati, "Madzi." Anandiyang'ana osamvetsa. Ndinabwerezanso. Pabedi loyandikana nane panagona a Mbewe, mkulu wa ku Waverley amene anagwira ntchito mumgodi moyo wake wonse, ndipo anagonekedwa ndi chilonda cha shuga kuphazi. Iwo anauza namwinoyo m'Chishona kuti ndikufuna mvura, kenako anatembenukira kwa ine.

"Kani ndinu akwathu? Kwanu n'kuti, achimwene?"

Ndinalimbana nalo liwulo mpaka thukuta, koma linatuluka. "Dedza."

Kuyambira pamenepo a Mbewe sanandipumitse. Ankandifunsa dzina la supuni, la bulangete, la zenera, ndipo ndikalephera ankanena okha n'kundiuza kuti ndibwereze. Mawu amene ankabwera anali a Chichewa okhaokha. Chishona ndi Chingerezi ndinkazimva bwinobwino koma sizinkatuluka. Dokotala anati zimachitika, kwa anthu ena chinenero cha paubwana ndi chimene chimayamba kubwerera. Tariro atamva zimenezi anatuluka panja. Mayi ake anandiuza pambuyo pake kuti anakalira pakhonde, chifukwa bambo ake anali atayamba kulankhula koma m'chinenero chimene iye sankachimva.

Ananditulutsa chakumapeto kwa Julayi ndili pa mpando wamatayala. Nditalowa m'nyumba ndinapeza bedi langa lili pabalaza, kuti ndikhale pafupi ndi khomo ndi bafa. Mashelefu anali mbee. Tariro anali atalongedza zimbale zonse m'matumba a chakudya cha nkhuku n'kukaziika m'kachipinda ka kuseri kwa khola, poganiza zodzazitaya. Sanachite mwankhanza. Ankafuna malo oika mankhwala, matawulo ndi mabeseni, komanso ankadziwa kuti anthu a kutchalitchi ndi aphunzitsi anzanga azibwera kudzandiona. M'malo mwake anandiikira pa fulashi mafilimu otchuka, opata mphoto, oti ndizionera ndikamachira.

Ndinayesa kuwaonera. Anthu ake ankalankhula mofulumira, nkhani inkadumpha uku ndi uku, ndipo pasanapite nthawi mutu unkayamba kuwawa. Ndinkatsala m'mbuyo ngati mwana wofooka m'kalasi. Nkhani za pawailesi nazonso zinkanditopetsa. Ndinasiya zonse. Ogasiti yense ndinakhala choyang'ana kukhoma. Sadza, nsima ya kuno, ndinkangolawa pang'ono n'kukankha mbale. Mawu ochepa amene ndinabwera nawo kuchipatala anayamba kuchepa, popeza ndinalibe choti ndinene. Alendo akabwera ndinkatseka maso kuti aziyesa ndagona.

Kamodzi pa sabata tinkabwerera ku Kadoma kumafizo. Tinkanyamuka m'mamawa pa galimoto ya mnansi wathu n'kukakhala pabenchi ndi ena ofa ziwalo, aliyense ndi womuperekeza wake, kudikira kuti dzina liitanidwe. Mayi wotiphunzitsa mafizo anagwira dzanja langa tsiku lina, anayesa kuwongola zala zimene zinali zitayamba kupindikira m'kati, ndipo anandiyang'ana m'maso.

"Bambo Phiri, kunyumba simukuchita zimene ndinakuuzani. Dzanja ili likauma chonchi, ine sindidzatha kuliwongolanso."

Anafunsa akazi anga chimene ndimakonda. Iwo anati mafilimu, koma tsopano ndikuwakana. Mayiyo anati tipeze chilichonse chimene chingandidzutse pabedi, chifukwa mafizo a kamodzi pa sabata paokha sangandichiritse.

Mawa lake m'mawa mai a Tariro akusesa pabalaza, ndinaloza mashelefu aja ndi dzanja lamanzere. Anandipatsa thaulo, ndinakana. Anandipatsa botolo la mankhwala, ndinakana. Liwu loti chimbale silinkabwera, loti filimu silinkabweranso. Ndinamenya bedi ndi chibakera. Ndiye panatuluka liwu lina.

"Ng'ona."

Anaima ndi tsache m'manja, akundiyang'ana. Kenako anatuluka. Ndinamva chitseko cha kachipinda kaja chikulira, nkhuku zikuchita phokoso. Anabwera akukoka thumba limodzi n'kulikhuthulira pabedi panga, zimbale pamodzi ndi gaga ndi nthenga. Ya ng'ona sinali m'menemo. Anakatenga lachiwiri, kenako lachitatu, mpaka tinaipeza.

Anafuna kunditsegulira, koma ndinakana. Ndinapanikiza chikuto pachifuwa ndi mkono wakufawo n'kutsegula ndi lamanzere. Pakati pa chikuto pamakhala kabatani kamene umadina kuti chimbale chimasuke. Ndinaikapo chala chachikulu cha dzanja lamanja. Sichinkamva kanthu ndipo chinkangoterereka. Tiyi anazizira patebulo. Dzuwa linali litakwera ndithu pamene kabatani kanalira ndipo chimbale chinadumpha.

Filimu imeneyo ndinali nditaionera kambirimbiri, choncho sinandisiye m'mbuyo. Ndinkadziwa amene adyedwe poyamba, ndinkadziwa pamene bwato ligubuduzike. Mutu sunawawe. Itafika pamene ng'ona imatulutsa mutu m'madzi n'kuyasamula, ndinamva ndikuseka, kuseka kopotoka kwa mbali imodzi, ndipo mawu anatuluka okha motsatana bwino.

"Taonani chingwe chija."

"Ndachiona," anatero mai a Tariro. "Chikuoneka ndithu."

Anayankha m'Chichewa. Pa zaka zonse za ukwati wathu anali asanandiyankhepo m'Chichewa. Tonse tinangopitiriza kuyang'ana pa TV, koma ng'ona ija sindinkaionanso bwino chifukwa cha misozi.

Titakafotokoza kumafizo, mayi uja sanaseke. Anati ndiye mankhwala anga amenewo, ndipo anaikapo malamulo ake. Chimbale ndizitsegula ndekha ndi dzanja lamanja. Ndizipita ndekha pamakina kukachiika, poyamba mogwirira mipando, kenako ndi ndodo. Filimu ikamaseweredwa ndizifotokoza mokweza zimene zikuchitika. Tinatsatira zimenezi tsiku lililonse. Magetsi akazima, monga amachitira kuno, ndinkafotokoza filimu yonse kuchokera m'mutu, mai a Tariro akusenda mbatata kapena kusita ndi simbi yamakala, ndipo ankandikonza ndikadumpha pena. Mashelefu ndinawadzazanso ndekha, pang'onopang'ono, chimbale chilichonse ndikuchipukuta fumbi ndi dzanja lodwalalo.

Sikuti zonse zinkayenda bwino. Mu Okutobala ndinadzithemba, ndinasiya ndodo popita pamakina, ndipo ndinagwa n'kutemeka pachipumi. Anandisoka, ndipo kwa kanthawi ndinkaopa kuimirira. Panali masiku amene mawu ankasowanso popanda chifukwa, moti ndinkatcha mpando kuti mbale, ndipo ndinkakalipira akazi anga ngati iwo ndiwo alakwa. Phewa linkawawa kwambiri nyengo yotentha. Mankhwala a bipi anasinthidwa kawiri asanapezeke ondiyanja. Ndiwo zopanda mchere wambiri ndinazizolowera movutika.

Tariro atabwera n'kupeza zimbale zabwerera m'malo mwake, nkhope yake inagwa. Anakhala pampando osavula n'komwe chikwama. Tsiku limenelo ndinali nditaika ya karate, ndipo ndinapitiriza ntchito yanga monga mwa masiku onse. Ndinafotokoza kuti uyu wa ndevu zomata ndi amene anapha mphunzitsi, uyu akulumbira kuti abwezera, ndipo ndevuzo zimatuka posachedwa. Zitamatuka Tariro anaseka mosafuna. Kenako anayamba kufunsa mayi ake m'Chishona kuti baba akuti chiyani, ndipo pofika kumapeto ankandifunsa ine mwini. Za matumba aja sitinakambiranepo, ndipo panalibe chifukwa.

Loweruka lotsatira anabwera ndi kajumbo kochokera kwa mayi wa ku Waverley uja. Anali ataima patebulo paja ndi foni yake, kufufuza chimbale chilichonse kuti apeze chonyozeka kuposa zonse. Anandipatsa ndi manja awiri, ndipo analankhula m'Chichewa chimene anachita kuloweza m'kombi.

"Baba, iyi ndi yoipa kwambiri. Ndakugulirani."

Inali yoipadi. Inali ya njoka zouluka, ndipo pena mthunzi wa wojambula unkaonekera pakhoma. Ndinaiika pa shelefu yapamwamba.

A Mbewe nawonso anatuluka m'chipatala, atadulidwa zala ziwiri za kuphazi. Tariro anawafufuza ku Waverley, ndipo anayamba kubwera nawo pa kombi Loweruka lina lililonse. Iwo saonera filimu mwakachetechete. Amalangiza asilikali pobisala, amakalipira akarate m'Chilapalapa cha kumgodi, ndipo amakana kuti ng'ona ija ndi ya labala. Anansi anayamba kusuzumira pakhomo, kenako kulowa, ena kubwera ndi mipando yawo. Ine ndinkakhala pafupi ndi TV, ndodo pambali, ndikumasulira. Pofuna kuti anansiwo amve, ndinayamba kuponyamo mawu a Chishona, ndipo umo ndi mmene Chishona chinabwererera. Chingerezi chinachedwa kwambiri. Chinandithandiza ndi mafilimu akarate aja, chifukwa mawu ake ndi ochepa, osavuta, ndipo amanenedwa pang'onopang'ono. Ndinkaimitsa filimu, kubwereza chiganizo, n'kupitiriza. Mvula ikugwa ndinayamba kuwerenga mokweza mabuku anga a jogalafe, ndime imodzi patsiku.

Nditatha kulankhula bwino ndinafotokozera dokotala za Lamlungu lija dzanja linafooka n'kubwereranso. Anasiya kulemba. Anati imeneyo inali sitiroko yaing'ono yochenjeza, ndipo ndikanapita kuchipatala tsiku lomwelo akanapeza bipi, akanandiyambitsa mankhwala, ndipo mwina yaikuluyo ikanapeweka. Sananene mondidzudzula. Anandipempha kuti popeza ndine mphunzitsi, ndiziuzako ena.

Ndinabwerera kuntchito mu Meyi chaka chotsatira, teremu yachiwiri itayamba. Ahedi anandipatsa makalasi ochepa ndi chipinda chapafupi ndi ofesi. Tsiku loyamba ndinalowa ndi ndodo, ndipo ana anaimirira. Ndinawauza kuti ndinadwala sitiroko, kuti ndizilankhula pang'onopang'ono, ndipo liwu likandithawa adikire, asandithandize msanga. Ndinalemba mutu wa phunziro pabolodi ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota. Phunziro linali la mitsinje. Liwu linandithawa kamodzi, ana anadikira, ndipo ndinalipeza ndekha. Belu litalira ndinali nditamaliza zonse zimene ndinakonza. Pa zinthu zimene ndachita pa moyo wanga, palibe chimene ndimanyadira kuposa phunziro limenelo.

Lero ndikuyenda popanda ndodo m'nyumba ndi kusukulu, ngakhale mwendo wamanja umakoka pang'ono ndikatopa. Dzanja lamanja limagwira kapu ndi supuni ndipo limamanga mabatani a malaya, koma choko ndi cholembera zinasamukira kumanzere. Mankhwala ndimamwa m'mawa uliwonse osadumphitsa, ndipo bipi ndimayezetsa mwezi ndi mwezi kukiliniki ya kwathu kuno. Kunyumba tsopano timasakaniza zinenero ziwiri, ndipo Tariro akaimba foni amayamba ndi Chichewa mpaka pomwe chamuthera. Zimbale zawonjezeka moti ndakhomanso shelefu ina m'khonde. Mlendo akafunsa ngati zonsezi ndi zanga, ndimavomera mosazengereza.

Kwa amene mukusamalira wodwala sitiroko, musamusankhire zimene mukuona kuti n'zomuyenera. Funani chimene iye amakonda, ngakhale chikhale chopanda ulemu pamaso pa alendo, chifukwa munthu amadzuka pabedi kutsata chimene mtima wake ukufuna. Ndipo musaleke mafizo ngakhale zikuoneka ngati palibe chikusintha.

Kwa ena nonse, kayezetseni bipi ngakhale mukumva bwino, chifukwa ine sipankandipweteka paliponse. Mukaona pakamwa pa munthu papotoka, mkono wafooka, kapena mawu akusokonekera, musamuthire madzi, musamugoneke kuti apume, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Zikatha zokha pakanthawi kochepa, pitanibe tsiku lomwelo. Ine zitatha zokha ndinayesa ndachira, ndipo pasanathe sabata ndinali gone pansi ku Waverley, ndikulephera kutchula dzina la mwana wanga.